Sabata Imene Foni Yanga Inalira Ngati Lole

Lolemba

Mmawa. Ndili kukhola la nkhunda, ndikumwaza mapira. Pamwamba pa mpanda patulukira mutu wa Bana Chanda, mnansi wanga wogulitsa vitumbuwa. Moni palibe.

"Ba shikulu! Misozi anitumila foni! Akuti imwe simuyankha, alema! Azatuma futi pa Chiwelu. Mukapanda kuyankha, pa Sondo abwela kukutengani mukankhale ku Ndola!"

Ba shikulu, kapena kuti agogo, ndine; uthenga ndi wa mwana wanga, nkhani ya m'nyumba mwanga. Amene aumva:

- wogulitsa makala
- amayi onse ofola pakiyosiki ya madzi youma
- mwana amene ali m'mimba mwa mkazi wa telala
- agalu

Inenso ndaumva. Mawu a mayi ameneyu amalowa ngakhale khutu langa lakumanzere, limene linatseka sitolo kalekale.

Koma ndilembe poyera: sindine gonthi. Anthu a masiku ano ndiwo amalankhulira m'khosi. Kafoni kanganso kamalira ngati udzudzu wodwala chimfine. Munthu wa ntchito zake angakamve bwanji?

Masana. Ku Ndola sindipita. Zifukwa:

- Nyumba ndi ya mkamwini wanga, Ba Mwila. Pansi n'poterera, nsapato zimagona panja ngati agalu.
- Chimbudzi chili m'nyumba momwemo, moyang'anana ndi podyera. Ukatsokomola, onse adziwa.
- Nkhunda sazifuna, ati zimaipitsira galimoto.
- Mtengo wa mango umene anabzala malemu aNaphiri, mkazi wanga, sungalowe m'chikwama.
- Nyumba ino njerwa zake ndinaumba ndekha, muno mu komboni ya George muli tchire lokhalokha.

Mwana amene ndinamupukuta mamina, lero akundiikira tsiku, Loweruka, ngati khoti!

Madzulo. Nzeru yabwera ndili pampando. Vuto si khutu, vuto ndi kuchepa kwa kulira. Foni ikalira pang'ono, chinthu china chilire kwambiri. Basi.

Zaka zanga zonse zamphamvu ndinagwira makwerero a amisiri a magetsi kumafakitale. Wogwira makwerero amaona zonse, kuchokera pansi. Waya wofiira, waya wakuda, kulumikiza, kutukwana, kutsika. Palibe chovuta.

Zofunika mawa: chinthu cholira, batire, mawaya, ndi kuti Bana Chanda asadziwe.

Madzi atsala a m'chigubu chimodzi. Kiyosiki ili gwa chiyambire sabata yatha. Tonse tikudikira baoza, galimoto ija ya thanki imene imabwera tsiku limene yafuna, n'kuliza hutala pamphambano.

Lachiwiri

Mmawa. Ndili kwa Mutale, wokonza maminibasi pansi pa mtengo pafupi ndi siteshoni. Ndamufotokozera bwinobwino. Waseka mpaka kukwawira pansi pa basi. Atatuluka wandipatsa:

- hutala ya lole yakufa, kukamwa yasa ngati ng'ona
- batire yotopa koma yamoyo, ngati ine
- kabokosi kakuda kotchedwa lilei. Akuti ndiko kapitawo: foni ikanong'ona, iko kamatsegulira moto wa batire kuti upite ku hutala.

Ine ndamusiyira nkhunda, yaimuna ndi yaikazi. Akuti aziweta. Maso ake akuti azidya.

Akuti m'kati mwa foni muli kamota kamene kamainjenjemeretsa ikamalira, mawaya achokere pamenepo. Izi ndimazidziwa kale. Ndangomulola alankhule, achinyamata amafuna kuwalimbitsa mtima.

"Koma ba shikulu, muikepo fyuzi. Olo lindilani pa Sondo, nizabwela kukumangilani bwino."

Fyuzi! Fyuzi, kawaya kodula moto zinthu zikalakwika, ndi ya anthu osakhulupirira manja awo. Ndipo Lamulungu n'kutali. Pofika tsikulo ndidzakhala ndili pamsewu wa ku Ndola, nsapato kumanja.

Masana. Ndatsegula foni ndi nsonga ya mpeni. Tizitsulo tomangira n'tating'ono ngati nsabwe. Kamodzi kagwa pansi, thadzi langa lameza. Ndaliyang'ana, landiyang'ana. Tidzakambirana pa Khirisimasi.

Msomali ndauika pambaula mpaka kufiira, ndi umene ndikuwotcherera mawaya. Chala chachikulu chapsa. Mmisiri wopanda chipsera ndi wabodza.

Polumikiza ponse ndamanga ndi malegeni, mphira zodula ku chubu cha tayala. Malegeni amamanga katundu panjinga, amamanga denga, anamangapo mwendo wa mbuzi yanga. Angalephere waya?

Madzulo. Mlendo: Mneneri, mnyamata wa nsapato zosongoka amene amapempheretsa anthu m'chisakasa kuseri kwa msika. Akuti wabwera kudzapempherera makutu anga. Uthenga wa dzulo nayenso anaumva.

Manja ake ali pamutu panga, maso ali pakhoma. Atati ameni wayenda kuchokera pakhomo mpaka pazenera, mapazi akuwerenga. Wagogoda khoma lapakati.

"Daddy, aka kachipupa kangagwe bwino? Mukayenda ku Ndola, nyumba muzaisiila ndani?"

Ndamuuza kuti sindinamve. Ugonthi ukakhala wonamizira umathandiza.

Lachitatu

Mmawa. Ndakwera padenga. Makwerero wandigwirira ndani? Palibe. Moyo wonse kugwirira ena, tsiku langa likafika ndi mtengo wa mango wokha umene wandichirikiza.

Hutala ndaimanga pamsonga, kukamwa kuloza kumsewu kuti ioneke. Mawaya atsika ndi khoma, alowa pazenera. Batire ili pansi pa tebulo. Foni ili pa tebulo, matumbo ali panja ngati nkhuku yotumbula. Yoyenda nayo siyendanso. Ilibe kanthu, nanenso sindiyenda.

Ndatuma uthenga kwa Mutale kuti aimbe.

Yalira! Ndamva chinthu ngati ng'ombe ya kutsidya kwa dambo, koma malata anjenjemera, fumbi lagwera m'tiyi, mphaka watulukira pazenera. Ndayankha. "Halo!" Mutale akuseka. Ndapambana! Ndola, tsala bwino ndisanafike!

Ndatuluka panja kuti mphepo indiombe ngati munthu wopambana.

Msewu wadzaza. Amayi, ndowa, zigubu, mawilibala, mabafa a ana. Mkazi wa telala ndi mimba yake akuthamanga kuposa onse. Wina sopo ali kumutu. Wina wabereka mwana chadodolido. Onse maso uku ndi uku.

"Ili kuti baoza? Yaimilila kuti?"

Apa mpamene ndakumbukira. Hutala ya lole ndi hutala ya baoza, mayi wake ndi mmodzi.

Ndakweza dzanja, ndafotokoza modekha, kuyambira pa kamota mpaka pa lilei. Sindinafike n'komwe pa batire. Bana Chanda aloza padenga ndi chipande.

"Nasiya vitumbuwa pamoto chifukwa cha foni ya ba shikulu? Foni?"

Utsi wa vitumbuwa ukuoneka kuseri kwa mpanda. Zina zimene anena sindizilemba, bukuli lili pafupi ndi Baibulo.

Nsanje. Munthu ukapanga chinthu chatsopano, oyamba kudana nawe ndi a pafupi.

Masana. Yaliranso. Ndathamanga, ndagunda bondo patebulo. "Halo! Halo!" Zii. Ndapita kwa telala kuti andiwerengere, popeza zilembo za pafoni n'zazing'ono ngati nyerere. Foni yomangirira sichoka, ndiye telala wabwera yekha, atanyamula ndowa.

Akuti si munthu, ndi uthenga wa kampani ya foni. Ati ndikhoza kuwina galimoto.

Tsono kamota kaja kamanjenjemeranso pa uthenga uliwonse. Mutale sananene. Kapena ananena chakumanzere kwanga.

Madzulo. Mauthenga ena afika. Wina akuti ndigule nyimbo. Wina akuti ndibetche mpira. Wina akuti akundikonda ndipo ali ku Dubai. Pa uliwonse, pooo! Pa uliwonse, amayi ndi ndowa, koma akuchepa.

Nkhunda sizinabwerere kukhola. Zakhala ndondondo pawaya wa magetsi, zikundiyang'ana ngati akuluakulu a mpingo.

Lachinayi

Mmawa. Nambala yanga yatuluka. Mutale akulumbira kuti si iye. Koma angwangwazi, anyamata oitanira anthu m'mabasi, aipeza, ndipo malo awo ndi pansi pa mtengo wake womwewo.

Ayamba kubipa. Kuimba kamodzi n'kudula. Mwambo uwu ndimaudziwa, ndi wa munthu wosauka wofuna kuti mnzake ndiye abweze. Inenso ndimabipa Misozi. Koma awa sakufuna kuti ndibweze, akufuna kumva lole.

Kachitidwe kake:

- Pooo!
- Ndigwire mkono wa mpando.
- Bondo lakumanja lidzuke.
- Lakumanzere lipemphedwe.
- Ndifike patebulo.
- Zii.
- Ndibwerere, ndikhale.
- Pooo!

Lero ndayenda ulendo wa ku Chipata m'chipinda chimodzi.

Wogulitsa makala akuti kusiteshoni akuchita kubetcherana: mudala atuluka kapena satuluka? Akuti wina waphunzira kuliza nyimbo ya timu yake. Makolo a ana amenewa ali kuti? Kapena nawonso ali pamzere wobipa.

Masana. Thadzi lasiya kuikira. Kaya ndi hutala, kaya ndi kachitsulo kaja.

Mayi wina wa mwana wakhanda waima pageti. Wangonditembenuzira mwanayo kuti ndione mmene akulirira, kenaka wapita. Pamenepa pokha ndamva kanthu pamtima. Ndakwera, ndatseka kukamwa kwa hutala ndi sokosi yakale.

Pooo! Sokosi yakagwera m'mafuta a Bana Chanda.

Ndakhala m'nyumba kwa kanthawi, chitseko chokhoma. Si mantha. Kunja kukutentha.

Madzulo. Mneneri wabweranso, tsopano ndi gulu lake ndi chimkuzamawu cha pamapewa. Aima pamsewu moyang'ana nyumba yanga. Akulalikira kuti lipenga limene analota lamveka mu George, ndipo lamveka padenga ili. Nyumba iyi yasankhidwa! Pano padzakhala guwa! Mapemphero tsiku lililonse, ng'oma, magitala, zimkuzamawu zinayi kuloza kumphepo zonse!

Ali pakati, wina wabipa. Pooo! Amayi awiri agwa pansi, akugubuduzika m'fumbi. Mneneri wakweza manja ngati ndiye wakanikiza.

Ndinati ndituluke ndikanene kuti lipengalo ndinasinthanitsa ndi nkhunda. Koma ndaona Bana Chanda pampanda. Sakutukwana. Akuyang'ana Mneneri, akuyang'ana khoma la nyumba yanga, akuyang'ana zenera la kuchipinda kwawo, limene latalikirana ndi khomalo ngati mphuno ndi mlomo. Kukhala chete kwa mayi ameneyu sindinakuonepo. Kukundiopsa.

Ndowa lero sizinatuluke n'komwe. Anthu aphunzira. Mwaona? Chatsopano chimangofuna kuzolowera.

Lachisanu

Mmawa. Madzi atha. Ndasukusula ndi chala chonyowa.

Ndapanga lamulo: sindidzukanso pa kulira kwakufupi. Wobipa amadula msanga, mwana wanga amadikira. Ndidzuka pa kulira kwakutali kokha. Nzeru zimabwera ndi kupweteka kwa maondo.

Masana. Kulira kwakutali! Pooooo! Pooooo! Ndadzuka, ndafika, ndanyamula. "Halo, Misozi?" Foni ili duu, yozizira, siikunjenjemera. Koma kulirako kukupitirira. Fumbi silikugwa kudenga.

Ndatuluka kukaona ngati hutala yayamba kudzilamulira.

Pamphambano paima baoza. Yeniyeni! Thanki ikudontha, paipi ili pansi, dalaivala wagona pa hutala ndi chigongono. Msewu uli mbee. Palibe ndowa, palibe mwana, galu yekha akunyambita pamene padonthera.

Ndafuula. "Madzi! Madzi, anthuni! Baoza yabwera!"

Kuseri kwa mpanda: "Nkalani chabe pansi, ba shikulu. Yankhani foni yanu."

Ndagogoda kwa telala. Mkazi wake wayankhira m'kati, osatsegula: "Tamvela, ba shikulu. Mupeleke moni ku Dubai."

Ndalumbira pa malemu aNaphiri. Wina watseka zenera.

Ndatenga zigubu zanga, ndapita ndekha. Dalaivala akufunsa ngati kuno kwagwa maliro, kapena anthu apeza chitsime. Ndati sindinamve. Wandidzazira, wadikira, walizanso, wapukusa mutu, wakulunga paipi. Wapita nayo kuchigawo china.

Ndabwerera pang'onopang'ono, chigubu chimodzi kutsogolo, kupuma, kubwerera kukatenga chinzake. Madzi akudonthera m'fumbi m'njira monse. Mzere wonyowa kuchokera pamphambano mpaka pakhomo panga. Mbala yanzeru ikanafufuta.

Madzulo. Adziwa. Wogulitsa makala anakumana ndi baoza ikutuluka, yopepuka.

Sindinaonepo anthu akutsata mzere wa madzi ngati alenje. Afika pakhomo. Onse ayamba kukalipa pamodzi. Apa makutu onse awiri agwira ntchito.

Zimene ndatchedwa:

- mfiti
- kapolo wa Satana
- injiniya (mwachipongwe)
- mwamuna wa hutala

Ndati ndinaitana. Ati n'zoona munaitana, koma anatiphunzitsa kusamva ndani?

Madzi anga agawana ndi kapu, kuyambira a makanda. Sindinakane. Andisiyira okwana kumwera mankhwala. Bana Chanda ndiwo amagawa, ndipo anena mokweza dzina la mankhwalawo ndi ntchito yake.

Mawa Loweruka. Ilire kamodzi kokha, ndiyankhe, nkhani ithe.

Loweruka

Mmawa. Ndavala jekete ya ukwati wa Misozi. Munthu amamveka bwino pafoni akavala bwino. Mpando ndaukokera patebulo, dzanja lili pafoni, kuti ngakhale khutu ligone, chala chimve.

Pabwalo pafika amayi ndi zigubu zopanda kanthu. Azigadabuza, akhalapo. Ati hutala itsike lero. Ndatuluka, ndavula chipewa, ndapempha: mwana wanga aimbe kaye, ndikayankha ndikwera ndekha kukaimasula. Akambirana. Bana Chanda ati chabwino, tidikira pompano. Telala wapita kusiteshoni kukauza angwangwazi kuti wobipa lero adzamwa madzi a batire. Amvera. Amayi awo ali pabwalo panga.

Bata. Sabata yonse sindinamve bata lotere. Kunena zoona, ine bata ndimalimva masiku onse, koma lero ndikulionanso pankhope za anthu.

Masana. Dzuwa lakwiya. Malata akuthetheka. M'nyumba muli ngati mu uvuni, koma jekete sindivula. Kafungo kena kakubwera, ngati tayala lopsa. Ndati ndi kwa Mutale.

POOOOOOO!

Ndanyamula. "Halo! Misozi! Ndine atate ako! Ndayankha! Ndikumva bwinobwino! Uwauze Ba Mwila asawononge petulo!"

Ndalankhula nthawi ndithu. Za nkhunda, za mango, za bondo. Mwanayo sakundidula mawu, ndati lero waphunzira ulemu. Hutala siikuleka. Foni ikutentha m'dzanja. Ndaiyang'ana: yatupa ngati chitumbuwa.

Si Misozi. Malegeni asungunuka padenga, mawaya akumbatirana okha. Pazenera utsi. Pansi pa tebulo batire ikuwira. Nsalu ya pazenera imene anasoka aNaphiri yagwira moto!

"Madzi!" ndafuula.

Pabwalo pali zigubu zambiri kuposa tsiku lililonse m'moyo wanga. Zonse zouma.

Amayi alowa ndi mchenga m'zitenje. Mchenga pazenera, mchenga patebulo, mchenga pabedi, mchenga pa ine. Bana Chanda atenga khasu langa, waya kha! Hutala yamaliza ndi kamawu ngati mbuzi yokhuta. Zii.

Foni yafa. Nsalu yatsala theka. Nsidze zanga zapita.

Tili chiimire, tikutsokomola, m'chitenje cha Bana Chanda mwalira kanthu. Ine sindinamve, ndangoona onse atembenuka. Atulutsa foni yawo, ayang'ana, andiyang'ana ine.

"Ni Misozi. Akuti yanu siingena."

Ndatambasula dzanja. Sanandipatse. Afotokoza okha, m'Chibemba, kuyambira Lolemba. Chibemba ndimachimva pang'ono, koma manja awo amamasulira: uku hutala, uku sokosi, uku baoza ikupita, uku moto kufika kumwamba. Motowo aukulitsa. Sunafike pamenepo.

Madzulo. Mutale wabwera kudzaona. Wanyamula lilei yopsa ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa.

"Nenze nakamba za fyuzi, ba shikulu."

Ndamufunsa za nkhunda zanga. Wayang'ana kumbali, watokosa m'mano.

Ndikusesa mchenga. Misozi akunyamuka mbandakucha.

Lamulungu

Mmawa. Kutchalitchi sindinapite, nsidze zilibe. Ndikulongedza.

- jekete (ikununkha utsi)
- Baibulo
- theka la nsalu ya aNaphiri
- mankhwala amene George yense akuwadziwa
- masokosi, imodzi ilibe inzake

Mtengo wa mango ndauyang'ana. Uli ndi maluwa chaka chino, ambiri. Adzadya ena.

Masana. Afika. Misozi watsika akulira, wandikumbatira, wandigwira kumaso pamene panali nsidze, kenaka wayamba. "Atate, mukanafa! Atate, pa msinkhu wanu padenga? Atate, mukundimva?" Ndikumva. Akulankhulira kukhutu lakumanja, mwana ameneyu ndi namwino, amadziwa polasa.

Ba Mwila, mkamwini wanga, apereka moni mwaulemu, atagwira chipewa. Kenaka azungulira nyumba. Aona khoma lakuda, batire yotupa, waya wolendewera. Abwerera atafumbata makiyi a galimoto. Ndawaona akunong'oneza Misozi, telala wandiuza pambuyo pake zimene anena: kwawo kuli geti ya magetsi, firiji yatsopano, ndi mawaya ambiri osavala. Kodi atate amakonda kugwiragwira zinthu zotere kawirikawiri?

Tisanamalize moni, Mneneri uyu, ndi anyamata ake atasenza mabenchi. Akuti wamva kuti nyumba ikhala yopanda munthu, wabwera kudzakambirana ndi banja. Wayamba kuyeza pabwalo ndi chingwe. Akuti mango adulidwe, pamenepo ndi poika jenereta.

Apa mpanda wagwedezeka. Bana Chanda sanazungulire kugeti, adutsa pamene lata linamasuka, chipande chili m'manja.

"Ba shikulu sibayenda kulikonse! Aba ni batate batu! Tikhala nabo zaka na zaka! Ndani anakamba ati tabalema?"

Dzana lomweli ndinali mfiti.

Auza Misozi kuti munthu wamkulu sazulidwa ngati chinangwa. Auza Mneneri kumene angaike jenereta yake, malo ake sindilemba. Amayi a dzulo aja avomereza onse. Mabenchi abwerera mmene anabwerera, mothamangirapo.

Sindine mwana, ndikudziwa. Si chikondi. Aika pasikelo: mbali iyi nkhalamba imene hutala yake yafa kale, mbali iyo zimkuzamawu zinayi pazenera lawo mpaka Yesu adzabwere. Ndapezeka wopepuka kunyamula. Ba Mwila nawonso avomera msanga kuposa mmene mkamwini amayenera kuvomerera.

Chigamulo cha Misozi:

- Ndikhala.
- Padenga sindikweranso.
- Mpeni, msomali ndi malegeni zapita ku Ndola m'malo mwanga.
- Foni yatsopano wagula pamsika. Izikhala kwa Bana Chanda. Ikalira, iwo ayankhe, amve nkhani, andiitane.

Ndati bwanji telala? Ati telala mawu ake ndi aang'ono. Ndati bwanji tiyese belu la njinga, lokhala ndi fyuzi? Onse andiyang'ana. Ndakhala pansi.

Madzulo. Apita. Katundu ndamasula. Hutala Mutale watenga, nkhunda sanabweze. Zotsala zatsika pawaya, imodziimodzi, zikulowa m'khola mondikayikira. Thadzi lili phee pachisa, kaya likuganiza zoikira.

Akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Sananene kuti adzatsina tsiku lililonse, George yense akuonerera.

Ndinafuna chinthu cholira kwambiri, chosafuna batire, chosapsa ndi dzuwa. Chinalipo kale kuseri kwa mpanda, chikukazinga vitumbuwa. Chosowa n'chimodzi: pozimitsira.

Ndikulemba izi, mpanda wagwedezeka.

"Ba shikulu! Foni! Ni Misozi, bafika pa Kabwe! Akuti musaibale kumwa ija mankhwala ya mikozo, na kabudula wamukati wamene anakugulilani muyambe kuvala!"

Wogulitsa makala wayankha kuti wamva. Telala wamva. Agalu amva.

Inenso ndamva. Khutu lakumanzere lomwe.

Ndikupita.